Mapazi pa Kanjira ka Kuseri

Ine kusesa ndimakukonda, ndipo sindichita nako manyazi. Ena amasesa kuti angochotsa zinyalala. Ine ndimasesa mpaka bwalo lichite mizeremizere ya tsache, yoti nkhuku ikadutsapo uziwerenga zala zake. Khalidwe limeneli ndi limene linandiululira matenda a bambo anga, chifukwa ndi pakamwa pawo sakanandiuza ngakhale mukanawagwadira tsiku lonse.

Chaka chimenecho n'kuti nditabwerera kwathu, kumudzi wina wa kufupi ndi Ludzi, banja langa litatha. Pakhomo tinalipo awiri basi, ine ndi Ababa. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono kwambiri, ndipo mng'ono wanga anakwatiwa kuboda ndi dalaivala wa mathiraki. Ababa anali mlimi wa fodya ndi chimanga, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woti ukamufunsa funso m'mawa yankho lake umalilandira masana. Ankavala nsapato za matayala zimene munthu wina wa kuboda anawadulira kuchokera ku tayala lakutha la thiraki. Paliponse pamene aponda ankasiya chidindo cha mizere yokhotakhota, ndipo m'mudzi monse munalibe wina wa mapazi otero.

Chimbudzi chathu chinali kuseri kwa khola la nkhumba. Kanjira kake kankadutsa pakati pa nthochi ndi mtengo wa papaya, ndipo ndinkakasesa m'mawa uliwonse. Ndisanayambe kusesa, maso anga ankangoona okha zadzulo: mapatapata anga, zala za nkhuku, ndi matayala a Ababa, opita ndi obwerera. Sindinkawerenga dala ayi. Zinali ngati mmene umadziwira kuti tambala walira ngakhale sunali kumumvetsera.

Tsiku lina m'nyengo yosankha fodya, matayala aja sanaoneke. Sindinadandaule. Mawa lake sanaonekenso. Nyengo imeneyo Ababa sankapita kumunda kapena kudimba koti n'kunena kuti mwina anadzithandiza komweko. Ankakhala m'chigafa kuyambira dzuwa likutuluka mpaka likulowa, atakhala pakampando, akusiyanitsa masamba a fodya. Madzi ochepa ankatayira kuseri kwa chigafa monga amachitira amuna onse, koma zazikulu zinalibe kwina kopita. Tsiku lachitatu mapazi anaoneka, koma obwerera anali okhwekhwereza, ngati a munthu amene wasenza thumba. Kenako panapitanso masiku anayi kanjira kali mbee.

Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Lamba anamasula bowo limodzi, kenako awiri, chonsecho nkhope ikuphwa. Ankageya pafupipafupi. Akamadzuka pakampando ankayamba agwira pamimba. Lamulungu lina sanapite kutchalitchi, munthu amene ngakhale mvula ya matalala sinkamuletsa. Mantha anandigwira, mantha enieni, chifukwa chaka cham'mbuyo tinali titaika m'manda bambo wina woyandikana naye nyumba amene anayamba chimodzimodzi, mimba kutupa, thupi kuwonda, n'kudzapezeka ndi chotupa mochedwa. Ine banja linali litandikanika, mayi ndinalibe. Ababa akanapita, ndikanatsala ndi nkhumba zitatu ndi tsache.

Komatu kwathu kuno mwana wamkazi safunsa bambo ake za kuseri. Zimenezo sizituluka pakamwa. Ungathe kuwachapira, kuwaphikira, kuwatenthetsera madzi osamba, koma sunganene kuti, "Ababa, kodi mwapitako?" Ndinkangogwada pakhomo m'mawa n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, Ababa?" Iwo ankati, "Ndadzuka, kaya iwe," nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndinachita chimene mkazi aliyense wa kwathu akanachita. Ndinati wodwala amafunika chakudya chabwino, ndipo ndinayamba kuwaphikira chabwino koposa.

Apa ndiyenera kuulula kunyada kwanga. Ufa wanga unali woyera kuposa wa wina aliyense m'mudzi, ndipo ndinkadziwa. Chimanga ndinkakonola mpaka khungu lonse lichoke, n'kupeta, n'kupetanso. Mphale ndinkaviika masiku atatu, kutsuka mpaka madzi ayere, kuyanika, kupita nayo kuchigayo, kudzayanikanso ufawo pamphasa n'kusefa. Azimayi akamadutsa ankaima n'kunena kuti, "Ufa uwu ukuthobwa m'maso." Ine ndinkayankha kuti, "Aaa, ndi wamba uwu," mumtima ndikuvina.

Kunyadaku sikunayambe ndi ine. Ababa anali ndi lamulo limodzi lokha pakhomo pawo, ndipo tinakula tikulidziwa: m'nyumba mwawo mgaiwa sulowa. Ali mnyamata anakhala zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya ngati tenanti, ndipo kumeneko chakudya chinali mgaiwa, chimanga chongogaya ndi khungu lake lomwe, ndiwo zake masamba othyola m'mphepete mwa munda. Atapeza munda wawowawo n'kuyamba kukolola bwino, anatsanzika zonsezo. Masamba ankawatcha ndiwo za mbuzi. Ukawaikira nkhwani ankangokankhira mbale pambali ndi chala chimodzi n'kunena kuti, "Awa ndinadya okwanira moyo wanga wonse." Chakudya chawo chinali nsima yoyera, mazira, kanyama, usipa wokazinga, ndipo m'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi.

Ndiye atayamba kudwala ine ndinawonjezera ulemu. Ufa ndinkasefa kawiri. Buledi ndinkasankha wofewa, woyera, n'kuchotsanso m'mbali mwake mokhakhala. Ndinapha nkhuku, ndinakazinga mazira, ndinagula zakumwa za m'mabotolo kuti mwina mpweya wake utsegula njira. Zonse zokhakhala ndinkaziona ngati zingawakande m'mimba. Madeya onse otsala pokonola ndinkathira m'chidebe cha nkhumba, pamodzi ndi mapapaya akupsa amene ankagwa okha, kholowa, bonongwe wozula m'dimba ndi makoko a mbatata. Nkhumba zija zinanona mpaka ubweya kunyezimira, ndipo anthu ankabwera kudzafunsa ngati tikugulitsa.

Alamu anga, adalaivala aja, anabwera tsiku lina kudzationa. Ndinawanong'oneza kuseri kwa nkhokwe, poti iwo ndi mwamuna ndipo angathe kulankhula ndi apongozi awo mozungulira. Anaseka n'kunena kuti, "Alamu, imeneyo ndi nthenda yathu ya pamsewu. Musadandaule, ndili ndi katundu wake." Anatulutsa timapilitsi tina togula kwa ogulitsa oyendayenda a paboda, n'kukawapatsa Ababa m'chigafa. Mawa lake kanjira kaja kanali ngati padutsa ng'ombe zopita kudambo, mapazi pamwamba pa mapazi. Ababa anagona pamphasa tsiku lonse ali lefuu, milomo itauma. Ndinaganiza kuti basi zatheka. Koma pambuyo pake kanjira kanakhalanso chete, ndipo ulendo uno masiku anafika asanu ndi limodzi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi limenelo ndinawapeza m'chigafa atapinda msana, chipumi chili pabondo, thukuta lili kamukamu, fodya atamwazika pansi. Sindinapemphe chilolezo. Ndinaitana wa njinga yamoto, tinawakweza pakati, ine kumbuyo nditawagwira, ulendo wa kuchipatala.

Adokotala anawapima nthawi yaitali, kuwadina pamimba uku ndi uku, kuwayeza magazi, kuwafunsa ngati anaonapo magazi kuseri. Ine ndinali pabenchi panja, ndikupemphera mapemphero osamaliza. Kenako anandiitana n'kunena kuti chotupa sanachipeze, ndipo matumbo sanapotane. Kunali kudzimbidwa, koma kokhalitsa. Anawapatsa chithandizo cha tsiku limenelo, n'kutitumiza kwa anesi ena amene amalangiza za kadyedwe.

Anesiwo anali mayi wojintcha, wamagalasi, wa mawu aakulu ngati a mwamuna. Anatikhazika pansi tonse awiri, ndipo mosazungulira anafunsa kuti, "Bambo, mwatha masiku angati osapita kuchimbudzi?"

Ababa anayang'ana kudenga. Anayang'ana pawindo. Funso lotere, pamaso pa mwana wawo wamkazi! Anesi anadikira, cholembera chili m'manja. Ine pakamwa panga panangotseguka pokha.

"Masiku sikisi," ndinatero. "Ulendo wapitawo anali folo."

Ababa anatembenuka n'kundiyang'ana ngati aona mzukwa. Anesi analemba, kenako anandifunsa chimene ndimawaphikira. Apa ndiye ndinakhala tsonga, poti inali nthawi yanga yowala. Ndinafotokoza za ufa wosefa kawiri, za buledi wochotsa m'mbali, za mazira ndi nkhuku. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira.

"Nanga madeya mumatani nawo?" anafunsa anesi.

"Timapatsa nkhumba."

"Masamba? Zipatso?"

"Ababa sadya. Zimapitanso kunkhumba."

"Nkhumbazo zili bwanji?"

"Zonona zedi," ndinayankha, ndisanadziwe kumene akulowera.

Anavula magalasi. "Chemwali, munaionapo nkhumba yodzimbidwa?"

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma mayi uja sanali wonyoza. Anatsegula kabati n'kutulutsa kambale ka chimanga, n'kundipatsa njere imodzi. Anati ndiikande ndi chikhadabo. Anandionetsa kakhungu kopyapyala kamene timachotsa pokonola, ndi kamtima kamene kamathothoka nako. Anati khungu limeneli, pamodzi ndi timinyewa ta m'masamba, makoko a nyemba ndi zam'kati mwa zipatso, thupi siligaya n'kumaliza. Zimayenda m'matumbo, zimamwa madzi n'kufufuma, zimafewetsa zonse zimene zili m'njira n'kuzikankha kuti zituluke. Iwo amazitcha faiba.

"Ndi tsache la m'mimba limeneli," anatero. "Inu mwakhala mukuchotsa tsache n'kupatsa nkhumba, kenako n'kumadabwa kuti bwalo silikuseseka."

Kwa munthu wina mawu amenewa akanangodutsa. Kwa ine, mkazi wa tsache, analowa mpaka m'mafupa. Ndinakhala ndikuyang'ana kanjere kaja m'dzanja langa ngati ndikukaona koyamba. Zaka zonsezi ndakhala ndikubzala chimanga, kupalira, kukolola, kutonola, osadziwa kuti amene anachilenga anaikiratu m'kanjere kamodzi chakudya ndi chosesera chake. Ine ndi nzeru zanga ndinkadzuka m'mamawa, kutuluka thukuta pamtondo, kuti ndikonze ntchito imene inali yokonzedwa kale.

Anesi anatiuza zochita. Phala kapena nsima ya mgaiwa, masamba tsiku lililonse, nyemba kapena khobwe, papaya, mango m'nyengo yake, mbatata. Madzi ambiri, chifukwa tsache limeneli popanda madzi limasanduka chitsekero. Kuyendayenda, osangokhala pakampando tsiku lonse. Akamva kuti kuseri kukuitana, asamadikire kuti amalize kaye mulu wa fodya. Mapilitsi a paboda aja awasiye. Ndipo anatsindika kawiri kuti tiyambe pang'onopang'ono, komanso kuti akaona magazi, akamasanza, kapena akapitiriza kuwonda, tibwerere msanga osadikira.

Titafika kunyumba, Ababa anatsika panjinga, anakonza chipewa, n'kulankhula mawu awiri okha: "Mgaiwa ayi."

Ndinati chabwino, tiyambe ndi zinazo. Koma ine ndine munthu wa phuma, ndipo mawu oti pang'onopang'ono aja ndinawasiya pageti pa chipatala. Mawa lake ndinaphika nyemba mphika wodzaza, nkhwani mbale yosefukira, kabichi, mbatata ndi makoko ake. Ababa, poti anali atachita mantha ndi za dzulo lake, anadya mokakamizika. Madzulo mimba inatupa ngati ng'oma. Mpweya umene unatuluka m'chigafa tsiku limenelo sindiufotokoza, poti ndi bambo anga. Anandiitana n'kunena kuti, "Iwe, ngati watopa nane ungonena." Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinalira, kenako ndinaseka, kenako ndinaliranso.

Ndinayambiranso, ulendo uno modekha. M'mawa kagawo ka papaya asanamwe tiyi. Nkhumba zinandiyang'ana moipidwa, koma ndinaziuza kuti zadya zokwanira. M'chigafa ndinaika chigubu cha madzi pafupi ndi phazi lawo, ndipo masana ndinkabwera kudzachinyamula kuti ndimve kulemera kwake. Chikakhala chodzaza ndinkangoima pomwepo osalankhula mpaka amwe. Masamba ndinayamba ndi supuni ziwiri za nkhwani wotendera, nsinjiro zambiri kuti asawatche a mbuzi. Therere analilandira mosavuta, poti limatsetsereka lokha. Za kuyenda ndinachita kuwanamiza, Mulungu andikhululukire. Ndinati bondo likundipweteka, sindingathe kupita kudimba, ndiye madzulo aliwonse ankapita okha kukathyola ndiwo, akung'ung'udza njira yonse.

Kanjira kanayamba kuyankha. Mapazi ankaoneka patapita masiku atatu, kenako awiri. Ndinkadzuka mtima uli m'mwamba ngati mwana wopita kukaona zotsatira za mayeso. Komabe obwerera anali akadali olemera, ndipo sabata ina panapitanso masiku anayi. Masamba anali supuni zochepa, pamene nsima yoyera inali mitanda itatu masana, itatu madzulo. Ndinadziwa pamene patsala.

Ndiye ndinachita zaukathyali. Ndinatenga kandowa ka chimanga chosakonola, kuphimba ndi chitenje, n'kupita kuchigayo chakutali, cha njira ya ku Kachebere, kuti azimayi a m'mudzi asandione. Taonani, ngakhale pamenepo ndinkaopabe kuti anthu anena kuti mwini ufa woyera uja wagwa nayo. Madzulo ndinasakaniza dzanja limodzi lokha la mgaiwa mu ufa woyera. Ndi maso sukanazindikira.

Ababa anasamba m'manja, anatema nsima, anaifikitsa pakamwa, n'kuima. Anainunkhiza. Anaibweza m'mbale mwaulemu, anasambanso m'manja, n'kutuluka. Masiku awiri sanandilankhule, kupatula moni wa m'mawa.

Tsiku lachitatu ndinawapeza ataima pakhola la nkhumba, manja ali pamtengo wa mpanda, akuziyang'ana zikudya madeya. Ine mkwiyo unali utafika pakhosi. Ndinaika chidebe pansi ndipo ndinalankhula zimene mwana wamkazi salankhula.

"Ababa, mundikhululukire, koma nkhumba izi zikudya moyo wanu inu mukuonerera. Mukudabwa kuti masiku aja ndinawadziwa bwanji? Ndimawerenga mapazi anu pakanjira aka. M'mawa uliwonse. Ndikapanda kuwaona, tsiku limenelo sindidya. Mayi ndilibe, banja ndilibe. Mukufuna ndizisesa pakhomo pano ndekha chifukwa cha mtundu wa ufa?"

Anayang'ana nsapato zawo. Anatukula phazi limodzi n'kuona chidindo chimene linasiya pafumbi. Ndinaganiza kuti andikalipira, ndipo ndinali wokonzeka. Koma atalankhula, mawu awo anali otsika.

"Mayi ako ndinawatenga kwawo ndikuwalonjeza kuti kwa ine azidzadya ufa woyera. Ndinapita nawo ku esiteti. Chaka chino, chaka chamawa, chaka chinacho. Anamwalira m'kanyumba ka udzu, m'nyumba muli mgaiwa wokhawokha. Ufa woyera woyamba wa m'munda mwanga ndinadya ndekha, iwo ali m'manda." Anabweza phazi lija pansi. "Ndiye ukandiikira mgaiwa, ndimaona ngati ndabwerera komwe kuja."

Nkhani imeneyi sindinaimvepo chibadwire. Ndinkaganiza kuti lamulo lija linali kunyada kwa munthu amene wapeza bwino. Mkwiyo wanga wonse unaphwa. Ndinangotola chidebe changa n'kubwerera kukhitchini. Ndinatsimikiza mumtima kuti za mgaiwa sindidzazitchulanso, zivute zitani.

Koma paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patapita masiku awiri, dzuwa litakwera ndithu, nthawi imene azimayi onse amakhala pamjigo, ndinaona Ababa akutulutsa njinga yawo yakapalasa. Anatapa okha chimanga, chosakonola, n'kusankha pamphasa njere imodziimodzi, kutaya zofumbwa ndi zachuku. Anamanga kathumba pakaliyala. Sanaphimbe ndi kanthu. Anadutsa pamjigo pomwepo, kulunjika kuchigayo cha m'mudzi mwathu, kumene aliyense amawadziwa. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi wina anawaseka kuti, "Kodi fodya sanayende bwino chaka chino?" Iwo anangoti, "Wayenda. Mimba ndi imene siyikuyenda." Chigayo chonse chinafa ndi phwete, ndipo ine mpaka lero sindikhulupirira kuti mawu amenewo anatuluka pakamwa pa Ababa.

Anabwera n'kuika kathumbako pakhomo la khitchini. "Ndagayitsa wochepa," anatero. "Mgaiwa sukhalitsa, umawawa. Uzigayitsa wa sabata imodzi basi." Munthu amene anaukana zaka zonsezo ankaudziwa bwino kuposa ine.

Ndinaphika madzulo omwewo dzuwa lisanalowe. Ndinali ndisanaphikepo mgaiwa wokhawokha, ndipo unandivuta, umafuna madzi ambiri ndi kupsa nthawi yaitali. Koma fungo lake linandidabwitsa. Linali fungo la chimanga chenicheni, ngati chowotcha, lodzaza khitchini yonse. Ufa wanga woyera uja, ndinazindikira tsiku limenelo, sunkanunkhira kanthu.

Tinakhala pakhonde. Mwachizolowezi ndimadyera kukhitchini, koma anandiuza kuti ndikhale pomwepo. Anatema, anasunsa mu khobwe, anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kumtengo wa papaya. Ndinaona pakhosi pawo pakuyenda. Anatemanso kachiwiri.

"Mayi ako ankaukonda," anatero. "Ankati umakhalitsa m'mimba, ndipo umanunkhira kumunda. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Amene ankachita manyazi ndine."

Nanenso ndinatema n'kuyamba kudya, nsima isanazizire.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuchita chidwi ndi mimba ya munthu, mwina mopitirira muyeso. Ndinaphunzira kuti si matenda onse a m'mimba amene amafuna chinthu chimodzi. Alamu anga aja, amene chilungulira chinkawawotcha pachifuwa ulendo uliwonse, anapezako bwino atachepetsa zokazinga ndi tsabola, n'kusiya kudya chimbale chachikulu kenako n'kugona pompo m'thiraki. Mwana wa mng'ono wanga atatsegula m'mimba, kuchipatala anati timupatse madzi a mchere ndi shuga, nthochi ndi kaphala kofewa, ndipo pamenepo ufa wanga woyera unagwira ntchito yake. Sindinautaye ayi, ndimaphikabe pakabwera alendo. Koma ndikaona mayi akupeta madeya n'kuwathira m'chidebe, ndimaima, ndipo anthu amandidziwa kale kuti ndiyamba ulaliki. Chimene chimandizunguza mutu mpaka pano n'chakuti mankhwala a Ababa sanachokere kutali. Anali pakhomo pomwepo nthawi yonseyi, papaya akugwa yekha m'mbali mwa kanjira komwe ankalephera kuyendamo.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Panapita masabata angapo, mapazi akuoneka lero, mawa ayi, mkuja n'kuonekanso. Lamba anabwerera pabowo lake lakale. Lamulungu lina ndinamva belu la njinga, Ababa atavala jekete, ulendo wa ku Misa.

Kenako kunabwera m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, mame ali pamasamba a nthochi. Ndinafika pakanjira ndi tsache langa ndipo ndinaima. Matayala aja analipo, atsopano, a m'mawa womwewo, tsiku lachisanu ndi chiwiri motsatizana. Opita anali olunjika. Obwerera anali otalikirana, opepuka, chidendene chongokhudza pang'ono, mapazi a munthu amene akuthamangira ntchito yake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, tsache lili m'manja, ndikuyang'ana fumbi ngati munthu amene akuwerenga kalata yochokera kutali. Sindinafune kuwafufuta.

Kumbuyo kwanga ndinamva kutsokomola. Ababa anali pakhonde, kapu ya madzi m'dzanja limodzi, kagawo ka papaya m'dzanja linalo. Sanandiyang'ane kumaso.

"Wawerenga?" anafunsa.

"Ndawerenga, Ababa."

"Ndiye sesa msanga, anthu angaone."

Ndinawerama, misozi ikugwera pafumbi, n'kuyamba kusesa.